Ba Mbaita ndi Mkaka wa Sepiso

Mukalowa mumsika wa Maramba cha kumene amagulitsa makala, n'kudutsa mabenchi a nsomba zouma, mupeza kanyumba ka malata kokhala ndi nsalu pakhomo m'malo mwa chitseko. Mmenemo ndi mmene ba Mbaita amalukira anthu tsitsi. Palibe chikwangwani. Chinalipo kale, koma mphepo ya mu Ogasiti inachigwetsera pa thireyi ya munthu wogulitsa mazira, ndipo mlandu wake utatha sanachikhomenso. Aliyense wofuna kulukidwa amadziwa kale kumene ali.

Ndi mayi wamtali, wa mapewa aakulu, ndipo amayenda chopendekera pang'ono chifukwa msana wawo waweramira mitu ya anthu zaka zambiri. Chipeso amachibaya m'tsitsi lawo lomwe, limene sapeza nthawi yoliluka. Anabadwira ku Senanga. Anabwera ku Livingstone ali mtsikana kudzalera ana a amalume awo, kenako anagwirako ntchito yoyala mabedi pa hotela ina ya kumtsinje. Amati anaisiya chifukwa bedi ukalilankhula silikuyankha. Amuna awo anapita ku Kazungula kukafuna ntchito kalekale ndipo anakapezako banja lina, koma nkhani imeneyo ba Mbaita amaikamba akuseka, ngati inachitikira munthu wina. Lamulungu amaimba kwaya, mawu aakulu omveka mpaka kumsewu.

Ine ndinkangowapatsa moni podutsa. Sindine munthu wolowa m'malo a phokoso. Kwathu ndi ku Katete, ndipo kuno ndinabwera ndi ukwati. Amuna anga, ba Simasiku, ankayendetsa takisi pakati pa tauni ndi ku mathithi. Anayamba kudandaula mutu ndi kutentha thupi, ndipo tisanamvetse bwino chimene chikuchitika, anatisiya. Mwana wathu woyamba, Sepiso, anali asanakwanitse miyezi iwiri.

Pa maliro anandikhazika pa matiresi pansi, pakona ya chipinda, atandifunditsa chitenje kumutu, azimayi atandizungulira. Mwana anamutenga n'kupita naye kwa aneba. Anati misozi ya namfedwa isagwere khanda, ndiponso mkaka wa munthu amene akulira umatentha m'mimba mwa mwana. Tinadikira abale ochokera ku Sesheke, ku Mongu ndi ku Katete, choncho maliro anatenga nthawi. Mawere anga anatupa n'kulimba ngati miyala, bulauzi inanyowa mpaka m'chiuno, thupi likunjenjemera. Azimayi ankaona, n'kumandiwonjezera chitenje china.

Titaika maliro, ndinaganiza kuti andibwezera mwana. Koma anati mkaka wagona m'mawere masiku ambiri, wasasa, ndiufinyire pansi kuseri kwa nyumba ndipo ndidikire kaye kuti woipawo uthe. Sanali a kuchimuna okha amene ananena zimenezi. Amayi anga ondibereka anavomereza, ndipo ndi iwo amene anandigwirira beseni la madzi ofunda. Palibe amene ankandifunira zoipa. Nthawi yonseyo Sepiso ankamwa mkaka wa m'chitini m'botolo, ukachepa ankamupatsa madzi a shuga.

Pamene anati tsopano ndingayamwitse, mawere anali atafota. Sepiso ankagwira bere, kukoka pang'ono, kenako n'kulisiya akukuwa, nkhope itafiira, timiyendo tikuponda m'mimba mwanga. Ndikafinya pankatuluka kadontho kamodzi ngati thukuta. Mwana anayamba kuchepa. Khosi lake linaoneka lalitali, ndipo anatsekula m'mimba kangapo.

Anthu a maliro atabalalika, anatsala ndi alamu anga ba Mwanamwalye, alongo awo aakulu a malemu, pamodzi ndi alamu aamuna awiri amene ankadikira kukonza za galimoto ndi katundu. Ba Mwanamwalye ndi mlimi wa ku Sesheke, mayi wolankhula pang'ono, amene analera ba Simasiku makolo awo atamwalira. Tsiku lina anandiyang'ana ndikulimbana ndi mwana, n'kunena mosakweza mawu:

"Mulamu, imwe mukaka mulibe, nchito mulibe. Uyu mwana ni wa Simasiku. Mvula ikagwa niyenda kukalima, nizayenda naye. Kwathu kuli ng'ombe, nalela bana bambili. Akakula muzamuona."

Zimene ananena za mkaka zinali zoona. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene phula la mumsewu limafewa ndipo aliyense mu Livingstone amayang'ana kumwamba kupempha mtambo. Ine ndekha ndinkadzuka m'mawa n'kuthokoza kuona kumwamba kuli mbee.

Ku sikelo, namwino wina dzina lake ba Lillian atamuyeza Sepiso anandiitanira pambali. Nditawafotokozera, anapumira m'mwamba. Anati mkaka susasa m'bere la munthu wamoyo, ndipo umabwera mwana akamayamwa, ukasiyidwa umathawa. Anati ukhoza kubwerera, mwina wonse mwina theka, ngati ndimuika mwana kubere pafupipafupi tsiku lonse, khungu lake likukhudza langa. Botolo ndilisiye, chifukwa limathira mkaka mosavuta ndipo mwana amakwiya nalo bere. Anandionetsa mmene ndingamumwetsere mkaka wa m'chitini ndi kakapu, pang'onopang'ono, akatha kuyamwa, kuti asafe ndi njala podikira.

Ndinamva zonse. Koma nyumba yathu ya ku Libuyu ndi ya zipinda ziwiri, ndipo munali alamu aamuna atakhala pakhomo tsiku lonse chifukwa cha kutentha. Ine kutsegula chifuwa pamaso pa alamu, nditavala zakuda, sindikanatha. Ndikalowa kuchipinda, Sepiso akangolira, ba Mwanamwalye anali atafika kale ndi botolo m'manja. "Musamuvutise na bele yopanda kanthu." Ndinkawapatsa mwana.

Tsiku lina anandituma kumsika kukagula kapenta. Ndinabereka Sepiso chifukwa ba Mwanamwalye anali atapita kutauni. Dzuwa linali pamutu, ndipo mwana anayamba kulira kulira kuja kosalekeza. Ndinaima mumthunzi wa kanyumba ka malata n'kumamugwedeza, anthu akundiyang'ana. Nsalu ya pakhomo inasunthidwa, ndipo ndinamva mawu a ba Mbaita.

"Imwe ba duku yakuda, mufuna mwana apsye na zuba? Ngenani muno."

"Sindinabwere kudzalukitsa," ndinatero.

"Nanga nakufunsani? Mutu wanu nauona kudala, ni wa malilo. Nkhalani apo pa chigubu. Mupaseni bele, atiboola makutu."

Munali azimayi atatu. Ndinayang'ana pansi. "Mulibe kanthu."

"Mulibe kanthu? Munangenamo imwe kukaona?"

Azimayi aja anaseka, ndipo ine, amene ndinali ndisanalire pamaso pa mlendo chiikireni maliro, ndinayamba kulira. Ba Mbaita sanasiye kuluka. Anangokankha chigubu chija ndi phazi mpaka chinafika kumbuyo kwawo, pakati pa msana wawo ndi khoma, kumene munthu sakanandiona. Ndili kumeneko ndinawauza zonse, mawu anga akupita kumsana kwawo. Kulankhula ndi msana wa munthu n'kosavuta kusiyana ndi kulankhula ndi nkhope yake. Anandifunsa zimene a namwino ananena, ndinabwereza. Anafunsa kumene ndimakhala. Basi.

Lamulungu masana anafika kunyumba atavala yunifomu ya kwaya. Anagwada pakhomo, msana wovuta uja ukulira, n'kuomba m'manja monga amachitira kwawo, ndipo analankhula Chilozi ndi ba Mwanamwalye nthawi yaitali. Anapezana kuti agogo awo ena anakwatiwa mudzi umodzi cha ku Sioma. Ine Chilozi ndimangomva cha moni ndi cha kukhitchini. Powaperekeza ndinawafunsa zimene anakambirana.

"Nabauza ati manja yanga yakalamba, nifuna munthu wonipasa meshi. Nabauza futi ati mukazi wonkhala chabe mu nyumba aganiza maningi, azayamba kukamba na chipupa. Bavomela. Mailo mubwele kuseni, na mwana, na kapu ija ya ba sista."

"Za mkaka simunawauze?"

"Mukaka ni wanu. Ine nakamba za meshi."

Meshi ndi tsitsi lija logula m'mapaketi, limene amalumikiza ku tsitsi la munthu poluka. Woluka amafuna kachingwe kakang'ono kofanana nthawi iliyonse, ndipo akamapatula yekha ntchito imachedwa. Choncho pamakhala wina pambali amene amayala meshi pamiyendo, kutsina kachigawo, kukasalaza ndi zala n'kupereka. Ndi ntchito yokhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ba Mbaita anali ataluka zaka zonsezo popanda womuthandiza wotero, ndipo zala zawo sizinkafuna thandizo la munthu.

Anamanga chingwe kumbuyo kwawo n'kupachikapo chitenje. Kuseri kwake anaikako kampando kotsamira, fulasiki ya madzi owiritsa ndi beseni. Makasitomala ankangoona dzanja langa likutuluka ndi meshi n'kubwerera. Sepiso tinamuvula n'kumusiya ndi thewera lokha, ndipo ndinamumanga pachifuwa mkati mwa bulauzi. Botolo ba Mbaita analilanda tsiku loyamba lomwelo n'kuthiramo mikanda ya m'tsitsi.

"Akangotakataka, bele. Osayembekeza alile. Akakana, musiyeni agone pamene apo, azanunkhiza."

Masiku oyamba anali ovuta. Sepiso ankakuwa, ndipo ine ndinkachita manyazi kuti ndikusokoneza malonda a eni ake. Ba Mbaita ankangokweza mawu kupitirira mwanayo. Ankakamba za njovu zimene zinadya munda wa mnzawo ku Simonga n'kumusiyira mphanda yokha, za anyani a kumalire amene amadziwa kusiyanitsa thumba la buledi ndi la sopo, za mzungu amene analukitsa ndevu. Akamva mwana wagwira bere, ankatsitsa mawu osatembenuka. Akamva walisiya mokwiya, ankati, "Manje kapu." Ndinkamumwetsa ndi kakapu, theka likutayikira pamiyendo yanga, mpaka tonse awiri tinaphunzira.

M'mawa uliwonse ankaitana ba Namakau, mnzawo wogulitsa chibwantu pafupi ndi khomo la msika, kuti andibweretsere kapu yaikulu. Chibwantu ndi chakumwa cha mphale chofanana ndi thobwa la kwathu. Pamwamba pake ankandipatsa nshawa zaziwisi, ndipo masana ndiwo za chibwabwa zotendera. Chiyambireni maliro chakudya chinkandikanira pakhosi, koma ba Mbaita ankaima ndi chipeso m'manja mpaka nditamaliza. Nditawauza ba Lillian, anaseka n'kunena kuti kudya n'kwabwino ndithu ndipo ndisasiye, koma chimene chimaitana mkaka ndi pakamwa pa mwana. Anandipatsanso mapiritsi owonjezera magazi. Ndinakanena zimenezi ku msika.

"Ba sista bakamba zoona," anatero ba Mbaita. "Koma chibwantu muzamwa."

Tsiku lina makasitomala atachepa anandiuza za mwana wawo woyamba, Yeta. Amayi awo atamwalira ku Senanga, Yeta anali khanda, ndipo nthawi imeneyo msewu unali woipa. Popita ku maliro anamusiya ndi akazi a amalume. Pobwerera anauzidwa zomwe ndinauzidwa ine, kuti mkaka wasasa. Yeta anayamba phala asanakhwime khosi, ndipo anadwala ubwana wake wonse.

"Alipo, ni kondakitala wa basi, akuwa monga ine. Koma nenze kumuona so, mutu ukulu, tumendo monga twa nkhuku, mutima unali kunibaba. Ine sininaphunzile za mukaka. Naona chabe muno. Muzimai abwela na mwana, ankhala kuseni mpaka mumazulo, alibe vochita, mwana akalila bele, akalila bele. Poyenda ku nyumba bulauzi yanyowa. Nati kanshi ni so. Sembe ninaziba kudala."

Vuto linabwera ndi mtsikana wina dzina lake Mumbi, wogwira ntchito pa loji, amene ankakonzekera ukwati. Anali atalonjeza kubweretsa atsikana onse ovina pa ukwati wake kuti adzalukidwe kwa ba Mbaita. Mutu wake uli pakati, anaona mkono wa bulauzi yanga yakuda ukutuluka kuseri kwa chitenje.

"Ba Mbaita, ni ndani ali kumbuyo uko?"

"Ni wanchito wanga."

"Si uja mukazi wa ba Simasiku ba takisi? Bamusambika kale uja?"

Ankanena mwambo wosambitsa namfedwa, umene kwa ine unali usanachitike. Pali anthu ambiri amene amaopa kuti mkazi wamasiye asanasambitsidwe amayenda ndi imfa ya mwamuna wake, ndipo chimene wagwira sichiyenera kufika pamutu pa munthu wolowa m'banja.

"Iwe Mumbi, meshi iyi yachoka ku China, yapita mu manja ya banthu bangati? Unabafunsa bonse ngati bamuna bao balipo?"

"Awe ba Mbaita, ine nikwatiwa. Musasobele na ine."

"Nkhala pansi, mutu uli hafu."

Sanakhale. Anamanga duku pamutu wa thekawo n'kutuluka, ndipo atsikana ake onse anakalukidwa kwina. Nkhani inayenda mumsika. Masiku otsatira mpando wa makasitomala unkakhala wopanda munthu mpaka masana. Ndinawauza ba Mbaita, ndikuyang'ana mapazi anga, kuti ndibwino ndisiye kubwera.

"Mawe! Manje meshi azanipasa ndani?"

"Palibe amene mukumuluka."

Ba Mbaita anatuluka. Pobwerera anali akukoka ba Namakau padzanja, iwo akukana kuti asiya chibwantu chopanda mwini. Anawakhazika pampando n'kuwaluka mwaulere. Mawa lake analuka mayi wa nsomba, kenako wa makala, amene tsitsi lake linafuna kuchapidwa kawiri. Sabata imeneyo azimayi a mzere wathu wonse anaoneka ngati akupita ku ukwati, ndipo ine ndinali ndi chifukwa chokhalira kuseri kwa chitenje. Pang'onopang'ono makasitomala anayamba kubwerera, poona kuti mayi wa makala akadali ndi mwamuna wake.

Mkaka sunabwere tsiku limodzi. Poyamba ndinangoona kuti Sepiso akukhalitsa kubere asanakwiye. Kenako ndinayamba kumva kunyerenyetsa mkati mwa bere akamakoka. Tsiku lina masana, malaiti atazima ndipo wailesi ya pa shopu yoyandikana itakhala chete, ndinamva kaphokoso kakang'ono pakhosi pake. Ankameza. Ndinasiya kupereka meshi. Dzanja la ba Mbaita linadikira m'mwamba, kenako linatsika.

"Ni chani?"

"Akumeza."

Anasuzumira kuseri kwa chitenje, anamvetsera, n'kubwerera pamutu wa kasitomala. "Belamani bwino imwe," anamuuza, mawu atasintha. Kasitomalayo anadandaula kuti madzi akumudonthera pakhosi.

Ku sikelo muvi unasuntha pang'ono. Ba Lillian anati tili panjira, koma kakapu ndisasiye, ndingochepetsa pang'onopang'ono ndikuona matewera ngati akunyowa bwino. Vuto linali lakuti kunyumba palibe amene ankaona zimenezi. Madzulo mkaka umachepa ndipo mwana amavuta, choncho chimene ba Mwanamwalye ankaona ndi mwana wolira ndi kakapu. Ndinayesa kuwauza kuti mkaka wayamba kubwera. Anandiyang'ana mwachisoni.

"Mulamu, musazinamize. Niziba vibaba."

Mvula inagwa Lachitatu lina madzulo, yamphamvu, ana akuvina m'matope mumsewu. Ba Mwanamwalye anatulutsa chikwama chawo chachikulu n'kuyamba kupinda zovala, zawo ndi za Sepiso. Anati m'mawa apita kutauni kukagula mbewu, ndipo akamaliza adzadutsa kumsika kudzatenga mwana, akakwere basi ya ku Sesheke. Anandilola kupita naye kuntchito m'mawawo kuti nditsanzikane naye.

Ndinafika kwa ba Mbaita n'kuwauza zonse. Anauza mtsikana amene ankadikira pampando kuti abwere mawa. Kenako anamasula chingwe chija, chitenje n'kugwa, ndipo anakoka kampando kanga n'kukaika kutsogolo, moyang'anizana ndi mpando wa makasitomala.

"Lelo munkhala apa."

"Ba Mbaita, anthu andiona."

"Ni vamene nifuna."

Ba Mwanamwalye anafika dzuwa litakwera, atasenza chikwama, thumba la mbewu m'manja. Ba Mbaita anawalandira ndi moni wautali wa Chilozi, anawalandira katundu, kenako anayang'ana pamutu pawo n'kugwira pakamwa.

"Bo Mwanamwalye, muyenda ku Sesheke na mutu uyu? Mwankhala mu tauni miyezi yonse iyi, mukafike so? Bazakamba ati Mbaita anafa. Nkhalani, nikumangeni tumizele tubili chabe."

"Basi izanisiya."

"Mabasi ni yambili. Yeta wanga ali pa steshoni, azakusungilani malo. Nkhalani."

Anakhala, mwina chifukwa cha ulemu, mwina chifukwa ba Mbaita anali atawachotsa kale duku. Ine ndinayala meshi pamiyendo. Ndinatsina kachigawo monga mwa masiku onse, koma ba Mbaita anandibwezera. "Kachepeko." Ndinachepetsa. "Kachepeko futi." Ndinazindikira kuti akufuna kuluka timalukidwe tating'onoting'ono tija timene timatha tsiku lathunthu.

Munthu amene akulukidwa sayang'ana kumene akufuna. Mutu wake uli m'manja mwa woluka. Ba Mbaita anaupendeketsa mutu wa alamu anga kuti nkhope iloze pachifuwa panga, ndipo akafuna kutembenuka ankaubweza ndi zala ziwiri. "Osatembenuka, mzele uzakhota."

Sepiso anatakataka. Pakhomo nsalu inali yotsegula, anthu akudutsa, ndipo alongo a amuna anga anali pafupi moti mawondo athu ankakhudzana. Ndinamasula mabatani. Mwana anagwira bere n'kuyamba kukoka, mofulumira poyamba, kenako mozama, chibwano chikutsika n'kukwera. Ba Mbaita, amene sakhala chete ngakhale ali ndi chimfine, sanalankhule. Mmene munali zii choncho, kumeza kunkamveka.

Sepiso anamaliza bere limodzi, ndinamutembenuzira linalo. Atakhuta analisiya yekha, mutu n'kugwera chagada, kamkaka kakutsika pambali pa kamwa mpaka kukhutu. Anagona. Patapita nthawi anadzuka, anayamwanso, ndipo ndinamuwonjezera pang'ono ndi kakapu, osabisa. Dzuwa linapendeka. Ba Namakau anabweretsa chibwantu makapu atatu. Mutu unali usanafike ndi theka lomwe.

"Bapaseni ba tete bake bamunyamuleko," anatero ba Mbaita, "manja yanu yapume."

Ndinamuika Sepiso pamiyendo pa azakhali ake. Anamukweza pang'ono m'manja monga munthu woyesa kulemera kwa thumba, anamutsina patsaya, anayang'ana m'khosi mmene munayamba kubwera mizere. Nthawi yomweyo mwana anakodza, thewera linalephera, ndipo chitenje chawo chatsopano cha paulendo chinanyowa mpaka pansi.

"Ehe," anatero ba Mbaita. "Iyo ni lisiti."

Ba Mwanamwalye anaseka, koyamba chibwerereni ku maliro. Kusekako kunasanduka kulira. Ankalira mutu uli chilili chifukwa ba Mbaita anali atagwirabe tsitsi. Analankhula mawu angapo m'Chilozi, kenako anandiyang'ana.

"Mulamu, nenze kuyopa. Nashika Simasiku mu manda, nati sinizashika futi mwana wake. Ni ine ninakamba ati bamuchose kuli imwe pa malilo. Ni mwamene tichitila."

"Amayi anga nawonso anatero," ndinayankha.

Ba Mwanamwalye anasisita phazi la mwana ndi chala. Kenako anafunsa ngati a namwino anati kakapu kadzatha. Ndinati mwina, mwinanso ayi. Anafunsa ngati ba Mbaita adzandisunga pa ntchito. Ba Mbaita anati munthu wopatula meshi mofanana chonchi sangamutaye. Anafunsanso za lendi, za chakudya, za amene adzandithandiza ndikadwala, mafunso a munthu amene walera ana. Ndinayankha zimene ndinkadziwa, ndipo zimene sindinkadziwa ndinanena kuti sindikudziwa.

Basi ya tsiku limenelo inawasiya. Mutu unatha dzuwa likulowa, ndipo ba Mbaita atafuna kuwongoka analephera, mpaka ine ndi ba Namakau tinawagwira m'khwapa. Kunyumba ba Mwanamwalye anatsegula chikwama n'kutulutsa zovala za Sepiso chimodzichimodzi, kuziika pabedi panga. M'mawa mwake ndinawaperekeza ku siteshoni mwana ali kumsana. Asanakwere anamusuzumira n'kunena kuti pa Khirisimasi tipite tonse awiri, osati mmodzi, ndipo akakolola adzatitumizira nshawa.

Mkaka wanga sunachuluke ngati wa azimayi ena. Kakapu tinakhala nako mpaka Sepiso atayamba phala, ndipo anayamwa mpaka atayamba kuyenda ndi kugwetsa mapaketi a meshi. Panopa ali ku sukulu ya mkaka ku Libuyu, ndipo amalankhula Chilozi kuposa ine. Ndinaphunzira kuluka, ndipo masiku amene msana wavuta, ba Mbaita amakhala pansi n'kumandipatsa meshi ine, akundidzudzula kuti ndimakoka kwambiri.

Tsiku lomwe ndinachokera ku siteshoni lija ndinapita kumsika nditakonza mawu othokoza njira yonse. Ndinawapeza atagona chafufumimba pa mphasa, ba Namakau akuwapaka mafuta kumsana. Ndinagwada pambali pawo n'kuyamba, koma ndinangoti, "Ba Mbaita, mwana watsala."

"Nanga enze kuyenda kuti, na mendo alibe?" anatero nkhope ili pa mphasa. "Mupaseni bele, mukasiliza mubwele munidyake na mapazi apa pa musana. Namakau manja yake ni ya chibwantu chabe."

Ndinakhala pansi pakhomo, nsalu ili yotsegula, n'kumasula mwana wanga kumsana.